Khama Limene Kapitawo Sanalione

Ana anga, pa mwambo wonditsanzika pantchito munamva nokha akuluakulu akunena kuti ndinali mphunzitsi wosakondera, ndipo munaona kuti nkhope yanga sinasangalale. Amayi anu anati ndi matama, ati ndimafuna anditamande kawiri. Si zimenezo ayi. Mawu oti wosakondera ali ndi mbiri yake pa ine, ndipo ndikufuna muimve kwa mwiniwakene ndisanayambe kusokoneza mayina a zidzukulu. Za ubwana wanga ku Ntchisi ndazidumpha dala chifukwa mulibe chachilendo, ndi mbuzi, mphere ndi zikoti basi. Ndiyambira pamene boma linandipatsa choko.

1984 mpaka 1993: Sukulu ya kudambo

Ananditumiza ku pulayimale ina m'mphepete mwa dambo la Chilwa, nthawi imeneyo Phalombe akadali pansi pa Mulanje. Ndinakwera lole yokatenga matemba, ndipo potsika ndinkanunkha ngati ndinabadwira padoko. Sukuluyo inali makalasi a udzu, mtengo wa mango wopachikapo chitsulo cha galimoto m'malo mwa belu, ndi udzudzu umene unkaphunzira nafe osalipira fizi. Ana ambiri kwawo ankayankhula Chilomwe. Chichewa changa cha kuchigawo chapakati chinkawaseketsa, chawo chinkandiseketsa ine, ndipo ubwenzi wathu unayambira pa kusekanako.

Ahedi anali a Nakoma, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankaopa zinthu ziwiri zokha: Mulungu ndi kutha kwa makope. Makope ochokera ku ofesi ankafika ochepa kuposa ana, ndiye a Nakoma ankanola mpeni pamwala n'kumadula kope lililonse pakati ngati akugawa nyama. Mwana aliyense ankalandira theka, ndipo thekalo linkayenera kufika kumapeto kwa teremu. Sabata yanga yoyamba anandipeza ndikuuza ana kuti alembe chiganizo, afufute pamene palakwika, alembenso, monga anatiphunzitsira ku koleji. Anandiitanira kuseri kwa kalasi kuti ana asamve.

"Aphunzitsi, pepala si tsamba la mtengo loti likagwa kuphuka lina. Kuno mwana amalemba kamodzi."

Ndinamva, ndipo ndinapanga lamulo langa. Mwana asanagwire pensulo apinde kaye manja, aumbe chiganizo mumtima, achinene chapansipansi, achiwongole pakamwa pomwepo mpaka chikhale bwino, ndiye alembe. Wofufuta ankakatunga madzi ozirira kalasi. Mawu oti "ganiza kaye" ndinawanena kambirimbiri mpaka anasanduka dzina langa, moti ngakhale asodzi padoko ankandipatsa moni kuti a Ganizakaye. Ana anazolowera. Ukawaona akuweruka milomo ikugwedezeka unkayesa akupemphera, chonsecho akuumba chimangirizo cha mawa.

Chimene chinkandiwawa pa zaka zimenezo chinali tsiku lotsekera sukulu, pamene tinkawerenga zotsatira pamaso pa makolo kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. M'kalasi iliyonse mumakhala mwana wina amene amafika m'mawa ena onse asanabwere, amasesa osatumidwa, amaluma pensulo mpaka kuitha, koma dzina lake limatchulidwa anthu atayamba kale kuimirira. Komanso mumakhala wina wogona m'kalasi amene amatenga nambala wani akuyasamula. Ine mtima wanga unkakhala kwa woyamba uja. Ndinkauza anzanga kuti nzeru ndi mphatso, munthu sayenera kuomberedwa m'manja chifukwa cha mphatso, koma khama ndi thukuta lake. Vuto linali lakuti thukuta linalibe sikelo. Kudambo komweko ndi kumene ndinadziwana ndi amayi anu, ndipo anandikokera kwawo ku Jenala kukakhala mkamwini, udindo umene mpaka lero sindinapume.

1994 mpaka 2016: Kusamuka ndi kusintha malaya

Ndinapita ku Zomba kukawonjezera maphunziro, ndipo ndinabwerako ndili mphunzitsi wa Chichewa m'masekondale oyendera. Za mabwana a zaka zimenezo ndikhoza kudzaza buku lina. Wina ankasunga choko kunyumba kwake, ukachifuna ukagogode ngati wopempha mchere. Wina ankaoneka tsiku lotsegulira ndi lotsekera, masiku ena onse ali ku golosale yake pa Boma, koma ndiye ankadziwa kukalipa za kuchedwa. Ndinaphunzitsa m'makalasi opanda zitseko, ndinaphunzitsa buku limene kalasi yonse tinali nalo limodzi, ndipo chaka china ndinaphunzitsa Jogalafe chifukwa chongoti ndinali ndi mapu kunyumba.

Chimene chinasintha mwakachetechete chinali pepala. Makope anayamba kupezeka m'magolosale, ndipo ine ndinasintha malaya osazindikira tsiku limene ndinavula akalewo. Ndinayamba kulamula kuti mwana azibweretsa chimangirizo pamodzi ndi tsamba limene anayeserapo. Tsamba lakuda ndi zofufuta, la mivi yoloza uku ndi uku, linkandisangalatsa kuposa chimangirizo chenichenicho, chifukwa ndinkati pamenepo ndiye pali thukuta. Tsamba loyera linayamba kundikayikitsa. Dzina la Ganizakaye linatsala kudambo, palibe anandikumbutsa, ndipo inenso ndinaliiwala.

Mu 2011 ananditumiza ku sukulu yanga yomaliza, yoyendera, kufupi ndi kwathu kuno. Ahedi anali mayi Chikafa, bwana yekhayo amene ndinkamuopa ndi kumukonda pamodzi. Ankanena zinthu pamaso, ndipo akakupatsa ntchito sankakuimirira kumbuyo. Koma ana anali ochuluka zedi, ndipo ndikanyamula mtolo wa makope kupita nawo kunyumba sindinkadziwanso amene wavutikira ntchito yake ndi amene wakopera kwa mnzake pansi pa mtengo. Ena anafika pochenjera, n'kumadetsa dala tsamba kuti andisangalatse.

2017: Kubwera kwa Kapitawo

Chaka chimenecho bungwe lina lothandiza maphunziro linasankha sukulu yathu. Anaika sola padenga la kalasi imodzi, nabweretsa matabuleti okhala ndi timakiyibodi kuti ana a Fomu 2 azilemberapo zimangirizo. Wotiphunzitsa anali mtsikana wa ku Blantyre dzina lake Tadala, waulemu koma woyankhula mothamanga, theka Chichewa theka Chingerezi. Anatilongosolera kuti makinawo sasunga chimangirizo chokha, amasunganso mmene chalembedwera. Amaona nthawi imene mwana wakhala akulemba, pamene anaima kuganiza, mawu amene anafufuta ndi kukonzanso, ndiponso ngati nkhani yangogwa yathunthu nthawi imodzi ngati yotola kwina. Zonsezo akaziphatikiza amapatsa mwana mtundu wa khama lake: wobiriwira kwa wolimbikira, wachikasu kwa wapakati, wofiira kwa amene sanavutike. Ana sanachedwe kuwapatsa dzina. Anawatcha Kapitawo, ngati uja ankaimirira kumbuyo kwa agogo awo m'maesiteti, kuona amene wawerama ndi amene waweramuka.

Ana anga, sindikubisirani, ine ndinagwa m'chikondi ndi Kapitawo. Sikelo imene ndinailakalaka kuyambira kudambo ija inali m'manja mwanga. Ndinkatha kutsegula chimangirizo cha mwana n'kuonera mmene chinakulira, liwu ndi liwu, ngati munthu woonera mnzake akulima. Ndinaona ana amene ndinkawayesa mbuli akulimbana ndi chiganizo chimodzi mpaka kuchigonjetsa, ndipo ndinayamba kuwayang'ana ndi maso ena. Zimenezo zinali zoona, ndipo ngakhale lero sindingazikane.

Bungwe linkafuna kuti kumapeto kwa chaka makolo azilandira uthenga pa foni wonena za khama la mwana wawo, padera pa malikisi. Makolo ena anakayika, ndiye mayi Chikafa anaitanitsa msonkhano nandiuza kuti ndiwayankhule ndine, poti ndine wachikulire komanso mkamwini wawo. Ndinayankhula ngati mlaliki. Mawu anga ndikuwakumbuka bwino chifukwa ndinawanyadira. Ndinati, "Ine ndikhoza kukondera mwana wa mnzanga wa kutchalitchi, chifukwa ndine munthu. Koma makinawa alibe m'bale. Sadziwa tchalitchi, sadziwa chifundo, amangonena zimene aona." Anthu anaomba m'manja. Bambo wina wamtali, wa manja osweka ndi zingwe za maukonde, anaimirira nandipempha kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza mokondwa. Ameneyo anali a Mulipa, msodzi wa ku Chilwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, osati mlomo, koma ine tsiku limenelo ndinasiya mlomo.

2018: Rozina ndi Agnesi

A Mulipa anali atsibweni a atsikana awiri a m'kalasi mwanga, ana a alongo awo awiri, ndipo monga mwa mwambo wa kuno, ndiwo ankawalipirira sukulu ndi kugamula za tsogolo lawo. Agnesi anali mwana uja ndakuuzani, wofika m'mawa ndi wotchulidwa kumapeto. Pa tabuleti ankalemba, kufufuta, kulembanso, mpaka belu kulira, ndipo Kapitawo ankamupatsa chobiriwira nthawi zonse. Rozina anali wina. Ndikapereka mutu Lachisanu, Lolemba ankakhala pansi n'kutayipa ndi zala ziwiri osaima, osafufuta ngakhale liwu limodzi, n'kutseka tabuleti anzake asanamalize ndime yoyamba. Zimangirizo zake zinali zokoma kuposa za mwana aliyense amene ndinamuphunzitsapo, koma Kapitawo ankamupatsa chofiira, n'kuwonjezera chizindikiro chakuti mwina ndi zoloweza kuchokera kwina.

Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inaphwa. Madzi anabwerera kutali, nsomba zinasowa, ndipo a Mulipa anauza mayi Chikafa poyera kuti ku Fomu 3 adzatha kupititsa mwana mmodzi yekha. Ananenanso kuti sadzayang'ana malikisi, poti nzeru amapereka ndi Mulungu, koma adzayang'ana amene akuvutikira thukuta lawo. Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti mtundu wa Kapitawo si masewera.

Mwezi wa Meyi ndinapereka mutu wakuti "Tsiku limene nyanja inathawa." Rozina analemba monga mwa chizolowezi chake, ndipo chiganizo chake choyamba chinali ichi: "Madzi anachoka osatsanzika ngati mwamuna wopita ku Joni, ndipo tonse m'mudzi tinasanduka akazi odikira." Ndinachiwerenga kangapo. Ndinadziuza kuti mwana wa Fomu 2 sangatole mawu otere m'mutu mwake osapunthwa. Anzake ataweruka ndinamuuza atsale, ndipo ndinamufunsa mwankhanza ndithu kuti anaziloweza m'buku liti.

"Si za m'buku, aphunzitsi. Ndinalembera kumpunga."

Ndinamufunsa kuti analemba pa chiyani, poti tabuleti imatsala kusukulu. Anati analemba pakamwa. Loweruka ndi Lamulungu masana onse amakhala pansanja m'munda wa mpunga kuingitsa mbalame, kukoka chingwe cha zitini, ndipo m'malo mongokuwa amanena chimangirizo chake mokweza, kuchitembenuza uku ndi uku mpaka chikhale. Ndinamuseka. Ndinati ngati zili choncho andiuze zimene anafufuta, poganiza kuti ndamugwira.

Anayang'ana kudenga pang'ono, kenako anati, "Poyamba ndinati madzi anachoka ngati mbala. Koma ndinaona kuti mbala sitiidikira kuti ibwerenso, pamene madziwo tikuwadikira. Ndiye ndinati ngati mlendo. Koma mlendo amatsanzika. Ndiye ndinakumbuka abambo anga."

Anapitiriza choncho ndime ndi ndime, kunditchulira mawu amene anataya ndi chifukwa chimene anawatayira. Masamba onse akuda amene ndinkawafuna kwa ana anali m'mutu mwake, osanjika bwino. Pomaliza ndinamufunsa chifukwa chake sachita zimenezo pa tabuleti, kuti Kapitawo aone. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule pagulu, nati kufufuta n'kuwononga, ndipo kwawo sawononga.

Ndinathamangira kwa Tadala pamene anabwera kudzatenga zotsatira za chaka. Anamvetsera bwino, ndipo ndikhulupirira kuti zinamukhudza. Koma anati, "Bambo Mkanda, sisitimu silola kuti tisinthe mwana mmodzi, deta yonse ingakayikitse. Chimene mungachite ndi kusankha: titumize mauthenga a kalasi yonse, kapena tisatumize ngakhale umodzi." Mayi Chikafa anandiuza kuti kalasi ndi yanga, ndigamule ndine, ndipo adzaima kumbuyo kwa chimene ndisankhe.

Sabata imeneyo ndinayenda ngati wodwala. Ndikaletsa mauthenga, Rozina apulumuka, chifukwa a Mulipa adzangotsala ndi malikisi. Koma m'kalasimo munali ana ambiri ngati Agnesi, amene chiyambire sukulu makolo awo sanamvepo liwu labwino la iwo, ndipo kwa nthawi yoyamba uthenga unali wokonzeka kunena kuti mwana wanu ndi wakhama. Ndiwalande zimenezo chifukwa cha mwana mmodzi? Nanga si ndine ndinaimirira pamaso pa makolo kulonjeza? Amayi anu anandichenjeza kuti a kunyanja akamva chinthu kamodzi amachimanga mfundo. Ine ndinadalira pakamwa panga. Ndinati mauthenga apite, ndipo za Rozina ndikalongosola ndekha kwa atsibweni ake, chifukwa munthu amene anandikhulupirira pamsonkhano adzandikhulupiriranso pakhomo pake.

Ogasiti 2018: Pakhomo pa a Mulipa

Sukulu itatsekera ndinapalasa njinga kupita kumudzi kwawo, kudutsa pamene kale panali madzi. Mabwato anali gonegone pamatope ong'ambika, ndipo anthu ankapalasa njinga pakati pa nyanja ngati pamsewu. Ndinapeza a Mulipa akusoka ukonde umene unalibe kopita. Anandilandira ndi ulemu wonse, anandipatsa mpando wawo iwo n'kukhala pamtondo, ndipo alongo awo awiri, amayi a atsikana aja, anakhala pamphasa chapatali. Uthenga unali utafika kale. A Mulipa anali ndi foni m'thumba la malaya awo, ndipo poyankhula ankaigwiragwira.

Ndinalongosola zonse, za nsanja, za mbalame, za mbala ndi mlendo. Ndinaitana Rozina kuti anene chimangirizo chake pamodzi ndi zimene anataya, ndipo ananena atagwada, maso ali pansi. A Mulipa anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Kenako anaika singano pansi.

"Aphunzitsi, ndamva. Mwanayu pakamwa pake m'potsetsereka chibadwire, ndimamudziwa. Koma inu ndinu munthu, muli ndi chifundo. Mwapalasa njinga dzuwa lonseli chifukwa cha chifundo. Munatiuza nokha kuti makina aja alibe m'bale, ndipo ndinakupemphani kuti mubwereze. Tsono ine ndimvere ndani, wachifundo kapena wopanda m'bale?"

Ndinayesa kunena kuti makinawo amaona zala zokha, saona m'mutu. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni, nati ngati zili choncho ndiwauze chimene Agnesi walakwa kuti amusiye. Agnesi anali kuseri kwa nkhokwe akutsuka mbale, ndipo ndinamva mbale zitasiya kulira. Sindikanatha kunena kuti asiyeni Agnesi, mwana amene ndinakhala ndikumumenyera nkhondo moyo wanga wonse wa ntchito. Ndinangolonjeza kuti ndiyesa kumufunira Rozina thandizo kwina, ndipo a Mulipa anathokoza monga amathokozera munthu amene akudziwa kuti zimene wanenazo ndi zotsanzikira.

Pochoka, amayi ake a Rozina, a Marita, ananyamuka kundiperekeza. Anagwira njinga yanga n'kumaikankha, ine ndikuyenda pambali, mpaka nyumba zinatha. Ndipo anaima.

"A Ganizakaye, simunandizindikire."

Dzina limenelo ndinali ndisanalimve kwa zaka zambiri, moti ndinatembenuka kuona ngati akuitana wina. Anandiuza kuti anali m'kalasi mwanga kudambo, m'makalasi a udzu aja, ndipo analekezera Sitandade 5. Theka la kope lake linkafika kumapeto kwa teremu lili loyera, ndipo ndinkalionetsa kwa anzake ngati chitsanzo. Rozina atayamba sukulu, iwo analibe china chomupatsa koma lamulo langa, ndiye ankamukhazika pakhonde, kumupinditsa manja, kumuuza kuti aumbe kaye pakamwa. Sankandiimba mlandu. Ankayankhula mwaulemu, ngati mwana wasukulu amene wasowa tsiku limodzi ndipo akufuna kudziwa zimene anzake aphunzira.

"Kodi lamulo lija linasintha liti, aphunzitsi? Ife kuno sitinamve."

Anandipatsa njinga yanga, nawomba m'manja pang'ono, n'kubwerera.

2019 mpaka lero

Ndinayesadi kumufunira Rozina thandizo lija. Ndinapita ku maofesi pa Boma, anati malo a thandizo anadzaza, ndibwerenso chaka chamawa. Inu awiri omalizira munali ku koleji nthawi imeneyo, ndipo m'nyumba mwathu munalibe potambasulira dzanja. Ndinauza Rozina kuti adikire teremu imodzi, teremu inasanduka chaka, ndipo kenako ndinamva kuti wakwatiwa ndi mnyamata wogula mpunga. Agnesi anapitiriza. Fomu 4 anailemba kawiri, kachiwiriko anakhoza, ndipo pano ali ku koleji ya aphunzitsi. Akandiona amagwada pamsewu pomwe, ndipo ine ndimakondwa naye ndi mtima wonse. N'chifukwa chake nkhaniyi imandisowetsa pogwira. Ndikati ndikanaletsa mauthenga aja, nkhope ya Agnesi imandibwerera. Ndikati ndinachita bwino, ndimamva zitini za kumpunga.

Kapitawo sanakhalitse. Ana a chaka chotsatira anamuzindikira, n'kumatayipa ndi kufufuta zopanda pake kuti awaone akugwira ntchito, ndipo masewerawo ankawatcha kupalira. Kalasi yonse inabiriwira. Bungwe litamaliza nthawi yake, matabuleti analowa m'katoni mu ofesi ya ahedi, koma sola ija ikuunikirabe ana mpaka lero. Ndinapuma pantchito mu 2022. Chisoni changa sichili pa makinawo, iwo ananena zimene anaona monga ndinalonjezera. Chili pa zaka zonse zimene ndinkafuna sikelo ya thukuta, osadzifunsa kuti thukuta lina limagwera kumene ine kulibe.

Chaka chatha amayi anu anandituma mpunga pa msika wa pa Boma. Ndikuyenda pakati pa malichero ndinamva wina akuti aphunzitsi, ndipo anali Rozina, mwana ali kumsana, mbale yoyezera ili m'manja. Ananenepa pang'ono, koma maso anali omwe aja oyang'ana kudenga asanayankhe. Tinafunsana za kumudzi. Anati nyanja inabwerera, atsibweni akuphanso nsomba, koma abambo ake ku Joni sanabwerebe. Ndinkafuna kunena zambiri, koma pamsika si polankhulira zotere, ndiye ndinangomufunsa funso lopusa la mphunzitsi, ngati akulembabe.

Anaseka, nasuntha mwana kumsana. "Ndikuganiza kaye, aphunzitsi. Zachuluka m'mutumu, koma sindinaiwale ngakhale imodzi."

Anandiyezera mpunga, ndipo pamwamba anandithirira basela wodzaza manja awiri. Ndinafuna kukana, koma anali atamanga kale jumbo.